POSANKHA GALIMOTO, FUNSANI MSEWU WAKWANU



Sabata yatha ndinalandira alendo kuno ku Senga Bay. Anali mayi anzathu amene ndawadziwa kwa zaka zambiri, mayi akhama amene amagula mpunga ku Lifuwu ndi usipa wouma kugombe kuno n'kumakagulitsa ku Lilongwe. Anafika dzuwa litapendeka, ndipo titapatsana moni ndi kufunsana za ana, anatulutsa foni m'chikwama mwao n'kundionetsa zithunzi za magalimoto awiri.

"Achemwali," iwo anatero, "ino ndi sabata yachitatu kunyumba kwathu tikudya nsima osayang'anana kumaso. Bambo akunyumba alandira ndalama zao zopumira pantchito, ine ndaonjezapo zanga zimene ndakhala ndikusunga kwa zaka zinayi, ndipo tagwirizana zogula galimoto. Koma iwo akufuna yakudayi, pamene ine mtima wanga uli pa yoyerayi. Mwana wathu wa ku Joni titamufunsa wangoti zonse n'zabwino. Tasowa mtengo wogwira."

Yakudayo inali Honda Grace, yoyerayo Toyota Corolla Axio. Onse awiri ndi magalimoto a banja, a zitseko zinayi ndi buti kumbuyo, ndipo onse ndi amtundu umene akuutcha hybrid.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwayamba kale kunena kuti nkhani ya galimoto ndi ya abambo, isatitayitse nthawi patsamba lathu. Pepani amayi, ine sindikuvomereza. Banja limeneli silikufuna galimoto yodzionetsera. Apongozi ao a mayiwa ndi okalamba, ndipo mwezi uliwonse amayenera kukaonana ndi adokotala kuchipatala cha boma ku Salima, mtunda wa makilomita pafupifupi 20. Matenda akabwera usiku, palibe mwa ife amene angakonde kukweza nkhalamba panjinga yamoto ya kabaza. Tsono ndalama zimene zikupita m'galimotoyo ndi thukuta la anthu awiri, ndipo sizidzabweranso kachiwiri. Galimoto ikadzafa n'kukhala pamiyala kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira, amene adzayambe kuchepetsa ndiwo ndi kupempha ngongole ya fizi ndi mayi. Choncho mayi ayenera kuidziwa nkhaniyi bwino lomwe, kuti polankhula ndi amuna ao alankhule zanzeru, osati zongokonda mtundu wa penti.

Tiyambe ndi mau akuti hybrid. Iyi ndi galimoto yoyendera mphamvu ziwiri. Ili ndi injini ya petulo monga galimoto ina iliyonse, komanso ili ndi mota yamagetsi ndi batire lalikulu. Ponyamuka ndi poyenda pang'onopang'ono, nthawi zambiri mota yamagetsi ndiyo imakoka, injini ili chete. Liwiro likakula kapena pakafika chitunda, injini imadzuka yokha n'kuthandizana ndi motayo. Mukaima, injini imazima yokha m'malo momangopsereza mafuta pachabe. Ambiri amaganiza kuti galimoto yotere imafunika kuilumikiza kumagetsi a ESCOM usiku, ndipo amada nkhawa ndi kuzimazima kwa magetsi. Si choncho ai. Magalimoto awiri amene tikukambawa amadzaza batire okha, kuchokera ku injini ndiponso nthawi iliyonse imene mwaponda buleki. Mukamachokera ku Lilongwe n'kumatsetsereka mapiri a ku Mvera kulowera kuchigwa cha Salima, kutsetsereka komweko kumakhala kukudzaza batire.

Nzeru imeneyi si yachilendo kwenikweni. Kampani ya Toyota inayamba kugulitsa galimoto ya Prius ku Japan m'chaka cha 1997, ndipo imeneyo ndiyo inali hybrid yoyamba kupangidwa yambirimbiri. Kuno kwathu anthu aitembenukira chifukwa cha zimene taziona ndi maso athu: mizere ya magalimoto pamalo omwetsera mafuta m'zaka za 2022, 2023 ndi 2024, ndiponso kugwa kwa Kwacha, imene inatsitsidwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100 aliwonse mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi magawo 44 pa 100 mu Novembala 2023. Munthu amene anagonapo pamzere wa petulo safunika kuuzidwa ubwino wa galimoto yomwa pang'ono.

Tiyeni tiwerengere limodzi, mongoyerekeza. Kuchoka ku Senga Bay kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 120, kupita ndi kubwera 240. Galimoto yoyenda makilomita 12 pa lita imodzi idzafuna malita 20. Yoyenda makilomita 20 pa lita idzafuna malita 12. Malita 8 otsalawo, kwa mayi amene amapita kumsika wa ku Lilongwe kawiri pamwezi, ndi ndalama zooneka pakutha pa chaka. Koma ndikuchenjezeni. Ogulitsa adzakuuzani kuti Axio imayenda makilomita 33 pa lita ndipo Grace 34. Manambala amenewo ndi oona, koma anapezeka poyesa galimoto yatsopano ku Japan, yopanda katundu, yopanda mchenga, yopanda maenje. Pamsewu wathu, mutakweza ana ndi matumba, makina oziziritsa m'kati akugwira ntchito chifukwa cha kutentha kwa Okutobala, musayembekezere zimenezo. Ndipo kusiyana kwa kilomita imodzi pa lita si chifukwa chokwanira chosankhira galimoto iyi kusiya iyo.

Chinanso choyenera kumvetsa ndi chakuti tikamati galimoto yatsopano, ambiri a ife timatanthauza yatsopano pakhomo pathu. Magalimoto ambiri amene timagula anayendapo kale ku Japan. Amabwera pasitima yapamadzi mpaka kudoko la Dar es Salaam, kenaka amayenda pamsewu kudzalowa m'dziko muno pachipata cha Songwe ku Karonga. Amatiyenera chifukwa ku Japan amayenda kumanzere kwa msewu monga ife, ndipo chiwongolero chili kumanja. Axio ya hybrid inayamba kugulitsidwa m'chaka cha 2013. Grace inatuluka mu Disembala 2014, ndipo anasiya kuipanga m'chaka cha 2020. Choncho Grace iliyonse imene mungaone, ngakhale inyezimire bwanji, yatha zaka zingapo ili pamsewu, ndipo batire lake lakalamba nayo limodzi.

Tsopano tiwaike pamodzi magalimoto awiriwa. Onse ali ndi injini ya malita 1.5, ndipo ukulu wao ndi wofanana ndithu. Bambo aja sanalakwe kukopeka ndi Grace. Ndi galimoto yooneka bwino, m'kati mwake mwaulemu, ndipo okhala kumbuyo amatambasula miyendo momasuka kuposa mu Axio. Ikafika pamsewu wa phula imathamanga mokoma, ndipo woyendetsa amamva magiya akusintha monga anazolowera. Axio ilibe zokopa zambiri. Ndi galimoto yodzichepetsa, yofanana ndi mayi amene amafika pamaliro osavala zodula koma ndiye amene amagwira mthiko mpaka anthu onse adye. Buti lake ndi lokulirapo pang'ono, malita pafupifupi 460 pamene la Grace ndi pafupifupi 430.

Kusiyana kwenikweni kuli pamene maso saona. Mu Axio mulibe giyabokosi ya masiku onse yokhala ndi kalachi. Injini ndi mota zimalumikizana kudzera m'timagiya tochepa tozungulirana, ndipo mulibe mbale zokhulana zimene zimatha ndi kuyenda. Ndi makina omwewo amene ali mu Toyota Aqua ndi Corolla Fielder ya hybrid, magalimoto amene achuluka m'misewu yathu. Mu Grace muli giyabokosi ya magiya 7 yokhala ndi makalachi awiri, amene amalamulidwa ndi kompyuta. Pamsewu wabwino imagwira ntchito mokoma kwambiri. Koma kalachi ndi kalachi: imadana ndi kukwawa nthawi yaitali, kunyamuka ndi kuima pachitunda, ndiponso kulimbana ndi mchenga. Ikatero imatentha, ndipo ikamatentha kawirikawiri imatha msanga. Kukonza kwake kumafuna makaniko woidziwa bwino ndiponso wokhala ndi makina oyezera. Ma Grace ena amakoka ndi matayala onse anayi, zimene zimathandiza poterera, koma zimenezo sizisintha khalidwe la kalachiyo.

Apa m'pamene ndinawafunsa alendo anga funso loyamba: "Kodi amayi, kuchoka paphula kukafika pakhomo panu, galimotoyo idzayenda pati?" Iwo anaseka, chifukwa onse awiri tikudziwa yankho. Kuno kunyanja phula limathera pamsewu waukulu. Kupatuka apo ndi mchenga wokhawokha, umene m'chilimwe umamiza tayala, ndipo m'dzinja madzi amadikha m'malo otsika. Galimoto idzadutsa pamenepo m'mawa ndi madzulo, tsiku ndi tsiku. Onse awiri ndi magalimoto aafupi, mimba yao ili masentimita pafupifupi 15 okha kuchokera pansi, ndiye palibe imene ili bwenzi la mchenga. Koma pa awiriwa, imene ilibe kalachi yoti itenthe ndiyo idzapirire nthawi yaitali.

Funso lachiwiri linali lakuti: "Ikadwala, sing'anga wake ali kuti?" Amakaniko athu a pa Kamuzu Road ku Salima ndi aluso, ndipo matayala, mabuleki ndi zam'munsi adzakukonzerani galimoto ili yonse. Koma vuto la batire lalikulu kapena la kompyuta likhoza kukutengerani ku Lilongwe, ndipo galimoto ya hybrid siikokedwa ndi chingwe mtunda wautali monga tinazolowera. Imafunika kuinyamula, ndipo kunyamulako ndi ndalama. Musanagule, pitani nokha kwa ogulitsa masipeyala, kaya ku Salima kaya ku Biwi ndi ku Malangalanga mu Lilongwe, mukafunse mtengo wa zinthu zomwezo pa magalimoto onse awiri: mabuleki, mashokapu, nyali yakutsogolo, galasi lakutsogolo, ndi batire lalikulu. Mufunsenso ngati zilipo lero kapena mpaka aitanitse. Lembani mayankhowo m'kope. Galimoto imene ili ndi abale ambiri pamsewu ndiyo imakhalanso ndi masipeyala ambiri m'sitolo, ndipo tsiku limene mudzafune kuigulitsa, ogula sadzasowa. Safunsa anadya phula.

Funso lachitatu linawakhudza mayiwo eni ake: "Mudzanyamulamo chiyani?" Apa anayang'ana pansi, chifukwa m'maganizo mwao anali atalongedzamo kale matumba asanu a mpunga. Amayi anzanga, galimoto ya banja si lole. Matumba awiri a makilogalamu 50 m'buti, kuonjezapo anthu anayi akuluakulu, ndiye kuti galimoto yakhuta, yatsika, ndipo mimba yake iyamba kukhula pansi. Ngati cholinga chachikulu ndi malonda, ndi bwino kunena zoona m'banja n'kuganizira galimoto yamtundu wina, monga Fielder imene ili ndi malo aakulu kumbuyo, kapena kupitiriza kutumiza katundu wolemera pamatola. Komanso usipa uli ndi fungo losachoka; galimoto imene yanyamula nsomba Lachisanu siidzakondweretsa apongozi Lolemba.

Funso lachinayi ndilo lalikulu kuposa onse, ndipo silikhudza dzina la kampani. Dzina labwino silichiritsa galimoto yodwala. Axio imene inazunzidwa ndi yoipa kuposa Grace imene inasamalidwa. Chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere, ndipo chithunzi cha pafoni chimaonetsa khungu lokha. Ngati galimoto ili kale m'dziko muno, pitani ndi makaniko wanuwanu, osati amene wakupezerani wogulitsa, ndipo akhale wodziwa za hybrid. Alumikize makina ake oyezera aone thanzi la batire lalikulu, aone ngati nyali zochenjeza sizinazimitsidwe mwachinyengo, ayang'ane kunsi ngati kulibe dzimbiri kapena zizindikiro za ngozi. Muiyendetse mokwanira, pachitunda ndi pamalo oyenda pang'onopang'ono. Ngati Grace ikunjenjemera kapena kudumpha ponyamuka, isiyeni. Ngati injini ya Axio siikufuna kuzima ngakhale mutaima, ndipo chizindikiro cha batire chikudzaza ndi kutha mofulumira, mwina batire latopa. Makilomita olembedwa pawotchi musawakhulupirire okha, pakuti alipo anthu amene amawabweza m'mbuyo. Yang'anani kutha kwa chiwongolero, mipando ndi popondera. Tsegulaninso buti muone ngati muli tayala lapadera ndi jeke, chifukwa magalimoto ambiri a ku Japan amabwera opanda tayalalo, ndipo msewu wa ku Lifuwu si malo ozindikirira zimenezi.

Ngati mukuitanitsa kuchokera kunja, kumbukirani kuti mtengo umene mukuuona ndi chiyambi chabe. Pali ndalama zoinyamulira, za kudoko, za woiyendetsa kuchokera ku Dar es Salaam, ndi msonkho wa MRA, umene umatengera ukulu wa injini ndi zaka za galimoto, yakale kwambiri n'kukhala ndi msonkho wokwera. Kenaka pali kulembetsa ku Road Traffic, chiphaso cha COF ndi inshuwalansi. Funsani a MRA kapena wothandiza za msonkho wovomerezeka musanatumize ngakhale tambala imodzi. Ndipo ine langizo langa ndi ili: musathere ndalama zonse pogula. Siyani zina zokwanira matayala anayi atsopano ndi kusintha mafuta onse a m'galimoto, ndipo muyambe msanga kusunga pang'onopang'ono za batire lalikulu, pakuti tsiku lake lidzafika ndithu.

Pomaliza ndinawauza alendo anga maganizo anga mosabisa. Banja lokhala ku Lilongwe kapena ku Blantyre, loyenda paphula, lokhala ndi ana aatali misinkhu ndiponso makaniko wodziwa Honda pafupi, likhoza kugula Grace yosamalidwa bwino n'kukondwa nayo. Koma banja la ku Senga Bay, la pamchenga, lodalira ndalama zopumira pantchito zimene sizidzabweranso, ndipo likufuna galimoto imene idzadzuke pakati pa usiku wodwala akabuula, ine ndingalilozere ku Axio, malinga ipezeke yathanzi.

Mayiwo anasangalala, nati akukawauza bambo kuti aluza. Ndinawagwira mkono. "Ai amayi, musatero. Mukapita ndi mau amenewo, bambo adzagula yakudayo pofuna kuonetsa kuti mwamuna ndi iwo, ndipo mudzalira nonse. Dikirani adye, apume. Muyambe ndi kuyamikira zimene aona pa Grace, chifukwa ndi zoona. Kenaka muwapemphe kuti mupite limodzi mukafunse mitengo ya masipeyala ndi kumva kwa makaniko. Zimene munthu wamva ndi makutu ake sazikana." Mutu umodzi susenza denga, ndipo galimoto yogulidwa mokangana imakhala mkangano woyenda ndi matayala.

Pokambirana pomwepo, musachite manyazi kufunsa kuti galimotoyo ilembedwa m'dzina la yani. Sungani malisiti ndi umboni wa ndalama zimene inu mwaikapo. Si kusakhulupirira amuna anu ai, koma tonse taona zimene zimachitika pakhomo maliro akatha. Lamulo la chuma cha masiye la m'chaka cha 2011 limateteza mkazi ndi ana ndipo limaletsa kulanda katundu, koma pepala losungidwa bwino limafupikitsa milandu. Ndiponso phunzirani kuyendetsa, mutenge laisensi yanu. Tsiku lina wodwala adzakhala bambo amene.

Kwa inu amene galimoto yotere ili kale pakhomo, nazi zochepa zimene mayi angathe kuyang'anira. Batire lalikulu limadana ndi kutentha, ndipo limapuma kudzera pa kazenera kakang'ono kamene kali pafupi ndi mpando wakumbuyo. Musatsekepo ndi chitenje, chikwama kapena thumba la ufa, ndipo pakonzedwe kawirikawiri chifukwa fumbi ndi mchenga wa kuno zimatseka msanga. Imikani galimoto pamthunzi. Musaitsuke m'kati pothira madzi ndi ndowa, ndipo m'dzinja musaoloke nayo madzi akuya. Isakhale milungu yambiri osayenda, chifukwa batire limafooka. Petulo asathereretu m'thanki. Ikakana kulira, musaitane anyamata kuti aikankhe. Hybrid siilira pokankha, ndipo kawirikawiri wolakwa amakhala batire laling'ono lija la masiku onse. Mawaya okutidwa ndi mtundu wa lalanje ali ndi magetsi oopsa, oposa mavoti 100, ndipo asakhudzidwe ndi mwana kapena makaniko wongoyesa.

Chachikulu pa zonse ndi ichi. Galimoto imeneyi ikamanyamuka kapena kubwerera m'mbuyo, nthawi zambiri siimveka. Ana athu a kunyanja amasewera pamchenga pabwalo, ndipo wamng'ono amakonda kukhala pamthunzi wa galimoto. Anazolowera kuthawa akamva injini, koma pano injini palibe yoti aimve. Likhale lamulo la pakhomo panu kuti woyendetsa aliyense, kaya ndi bambo, kaya ndinu, kaya ndi mlendo, azungulire galimoto ndi mapazi ake ndi kuwerenga ana asanalowe m'kati.

Alendo anga ananyamuka kutayamba mdima, asodzi akukankhira kale mabwato m'madzi ndi nyali zao. Dzulo anditumizira mau kuti Loweruka likudzali iwo ndi bambo akwera minibasi ya m'mawa kupita ku Lilongwe, kope ndi pensulo zili m'chikwama. Bambo akuti akadali kumbali ya yakuda ija, koma avomera kuti makaniko ayambe waiona. Pamenepo ndiye poyambira pabwino.

Amayi amene muli ndi magalimoto amenewa, makamaka a m'mbali mwa nyanja ku Chipoka, ku Nkhotakota ndi ku Mangochi, tilembereni mutiuze mmene akukuchitirani, kuti anzathu aphunzirepo. Tsalani bwino, tidzachezanso sabata yamawa.